Utoto Susandutsa Mfuti Yakale Kukhala Yatsopano

Nyengo ya malonda a fodya ikafika, ndalama zimayenda m'boma la Kasungu kuposa miyezi ina yonse ya chaka. Mabelo akachoka m'midzi ndi m'maesiteti a kwa Kapelula, kwa Wimbe ndi ku Chamama kunka ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo, mlimi amene wakhetsa thukuta kuyambira pa nazale amayamba kulingalira za malata, feteleza, njinga ndi fizi ya ana. Ena amalingaliranso za mfuti, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ndalama zikalowa m'nyumba mbala nazo zimamva fungo, motero mwini esiteti safuna kuti mlonda wake achezere usiku ndi chibonga chokha. Amene minda yao yagundana ndi thengo amadandaulanso ndi nguluwe ndi anyani.

Pamene pali wofuna kugula, wogulitsa sachedwa kutulukira. Ena amanong'oneza pa bawo kapena pa mowa, ena masiku ano amatumiza chithunzi pa foni ya m'manja, koma mau ao amafanana: "Bwana, iyi ndi yatsopano, sidaombedwepo." Abale ndi alongo, tifuna tichenjezane za mau amenewa. Mfuti yatsopano imapezeka m'sitolo ya wamalonda amene Boma lidampatsa chiphaso, ndipo imatuluka ndi mapepala ake. Imene yakulungidwa m'thumba la feteleza kuseri kwa chigayo idagwirapo kale ntchito, ndipo munthu amene akuitcha yatsopano akubisa zinthu ziwiri, matenda ake ndi mbiri yake.

Tiyambe ndi matenda. Kukometsa mfuti yakale si ntchito yovuta konse. Chitsulo chimakhulidwa n'kupakidwa utoto wakuda, thabwa logwirira limapakidwa vanishi, mafuta amathiridwa ponseponse, ndipo dzulo lake lomwe chinthu cha dzimbiri chimasanduka chonyezimira. Koma makolo athu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukalamba wa mfuti umakhala m'kati mwa mpope mmene mumadutsa chipolopolo. Onga ukapsa umasiya litsiro limene limakoka chinyezi, ndipo mfuti ikasungidwa kudenga la udzu kapena kukwiriridwa pansi kwa nyengo zingapo za dzinja, dzimbiri limadya chitsulo n'kusiya timaenje. Mpope wotere umapepuka pang'onopang'ono kufikira tsiku limene sungathenso kupirira mphamvu ya onga. Tsiku limenelo mfuti imaphulika, ndipo pafupi ndi mpopewo pamakhala dzanja lamanzere ndi maso a woombayo. Kawirikawiri woombayo sakhala bwana amene adalipira ndalama. Amakhala mlonda kapena mnyamata wolondera munda, bambo wa ana amene sadaone ngakhale nkhope ya wogulitsa.

Chinyengo chimenechi n'chakale m'dera lathu lino. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, maiko a ku Ulaya adatsala ndi mulu wa mfuti zogwirapo ntchito, ndipo m'zaka za m'ma 1860, magulu ao a nkhondo atayamba kugwiritsa ntchito mfuti zamakono zoikira chipolopolo kumbuyo, mulu uja udakulirakulira. Amalonda adazitsuka, adazikonza mwapatalipatali, nazitumiza ku Africa kudzera m'madoko monga Zanzibar. Ku Birmingham ndi ku Liège kunkapangidwanso mfuti zotsika mtengo zogulitsa kwa anthu akuda, zina za chitsulo chosalimba. Azunguwo ankadziwa bwino kuopsa kwa mpope wofooka, pakuti mu 1813 adakhazikitsa ku Birmingham nyumba yoyesera mfuti, imene ntchito yake idali kuomba mpope uliwonse ndi onga wochuluka n'kuudinda chizindikiro ukapirira. Mfuti za gogodera zidafika kuno kudzera kwa a Jumbe a ku Nkhotakota, ndipo Achewa a kwa Mwase Kasungu ankazigula ndi minyanga ya njovu. Zidawathandiza ndithu polimbana ndi Angoni, koma mtengo wake udali wowawa, chifukwa njira yomweyo imene inkabweretsa mfuti inkatenganso akapolo. Mu 1890 maiko a ku Ulaya adapangana ku Brussels zoletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, ndipo kumapeto kwa 1895, asilikali a Angerezi atathira nkhondo mudzi wa Mwase, mfuti zakale zija sizidathe kulimbana ndi zao.

Mulu wachiwiri udadza m'masiku athu omwe. Nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique idayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Malawi adasunga abale athu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri a iwo adadza ndi ana kumsana ndi mtolo pamutu basi. Koma nkhondoyo idasiya mfuti zosawerengeka m'manja mwa anthu ndi m'maenje a m'thengo, makamaka za mtundu wa AK-47, ndipo zina zidaoloka malire. Kuno kwathu, mu Disembala 1993, asilikali adalanda zida za a Malawi Young Pioneers pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, ndipo ena mwa achinyamatawo adathawira ku Mozambique. Kuyambira mu 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique adagwirizana kufukula ndi kuononga zida zobisidwa pa ntchito yotchedwa Operation Rachel. Chaka chomwecho bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zonsezi zikutiuza chinthu chimodzi: mfuti zambiri zoyenda mwamseri m'chigawo chino n'zotsala za nkhondo zimene zidatha zaka zoposa makumi atatu zapitazo. Nazo mfuti za Greener, zimene alenje ndi alonda amazidziwa bwino, zambiri zidachokera ku Birmingham kalekale. Munthu akamalumbira kuti yake idatuluka m'fakitale chaka chatha, mufunseni kuti idalowera pa chipata chiti.

Tsono tifike pa chobisika chachiwiri, chimene n'choopsa kuposa dzimbiri. Mfuti yopangidwa m'fakitale kawirikawiri imakhala ndi nambala yake yodindidwa pa chitsulo. Mlimi wa fodya safunika kuphunzitsidwa ntchito ya nambala yotere. Belo lirilonse lopita ku okushoni limanyamula nambala ya mlimi wolembetsedwa ku Tobacco Commission, ndipo wina akaika fodya woipa kapena zinyalala pakati n'kukuta ndi masamba okongola, belolo likatsegulidwa limabwezedwa ndipo mwini wake amadziwika. Nambala ya mfuti imagwira ntchito yomweyo. Ndi imene imauza Apolisi kuti mfutiyo idalowa liti m'dziko, adailembetsa ndani, ndiponso ngati idabedwa kapena idagwiritsidwa ntchito pa umbanda. N'chifukwa chake atsogoleri a maiko a SADC, atakumana mu mzinda wathu wa Blantyre mu Ogasiti 2001, adasaina pangano loyendetsera mfuti ndi zipolopolo, limene mwa zina limafuna kuti mfuti zizidindidwa zizindikiro ndi kulembedwa m'kaundula.

Wogulitsa akanena kuti mfuti ndi yatsopano, amatanthauza kuti iribe mwini wakale, motero palibe chofunsa. Apa ndi pamene pagona msampha. Mfuti imene idathyolera sitolo ku Lilongwe kapena idapha njovu m'nkhalango ya Kasungu siiwala zimene idachita chifukwa choti yapakidwa utoto. Apolisi akadzaipeza, adzaipeza m'nyumba ya amene adaigula, ndipo iyeyo ndiye adzafotokoze kumene adali usiku wa umbandawo. Ngati nambala idapalidwa, mlandu wake udzakula koposa, pakuti palibe munthu woona mtima amene amafafaniza dzina la katundu wake.

Taonani tsono mmene wogula amagwidwira pakhosi. Munthu akakunamizani pa wailesi kapena pa njinga, muli ndi kothawira. Kulanda ndalama za mnzako pomunamiza ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo tiri ndi lamulo loteteza ogula la 2003 ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission loona za chilungamo pa malonda. Koma lamulo la mfuti la 1967 limaletsa munthu kukhala ndi mfuti popanda chiphaso. Amene wagula mwamseri akapita ku polisi kukadandaula kuti wanamizidwa, ndiye kuti wadzitengera yekha ku chitokosi. Wonyengayo amadziwa zimenezi, ndipo mphamvu yake yagona pomwepo. Amagulitsa kwa munthu amene sadzatha kutsegula pakamwa. Ndalama za mabelo angapo zimapita, mfuti imakhala yosaomba kapena yoopsa kuomba, ndipo mwini wake amaibisa pansi pa bedi mmene ana amasewera.

Alipo amene anganene kuti wamalonda aliyense amatamanda katundu wake, ndi kuti wogula ndiye ayenera kutsegula maso. Ku kaunjika timamvadi tsiku ndi tsiku kuti malaya awa sadavalidwepo, ndipo timangoseka. Koma malaya akang'ambika mwini wake amangochita manyazi, pamene mpope ukang'ambika munthu amataya zala kapena maso. Komanso malaya munthu amatha kuwatembenuza n'kuona msoko, pamene mlimi wamba alibe zida kapena luso loyesera kulimba kwa chitsulo. Pamene wogula sangathe kudzionera yekha, udindo wonena zoona umagwa pa wogulitsa.

Tisamvane molakwa. Mfuti yakale payokha si chinthu chochititsa manyazi. Chifefe chimene mwini wake ankachitsuka akatha kuomba, n'kuchisunga pouma, chikhoza kutumikira bambo ndi mwana wake yemwe. Munthu amene ali ndi mfuti yolembetsedwa ndipo afuna kuigulitsa anene zaka zake, aonetse chiphaso chake, atchule chilema chimene akuchidziwa, ndipo apite ndi wogulayo kwa Apolisi kuti zonse ziyende mwa lamulo. Mtengo udzatsikako, inde, koma adzagona tulo. Amene watsala ndi mfuti ya malemu bambo ake achitenso chimodzimodzi, chifukwa chiphaso sichilowedwa ngati munda kapena ng'ombe.

Mau awa akupita makamaka kwa inu ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi, makalaliki ndi anzathu opuma pa ntchito ndi amene anthu amawafunsa nzeru kumudzi, ndipo ndi omwenso wonyenga amawafuna poyamba, podziwa kuti alandira ndalama za penshoni ndipo atsegula kaesiteti. Mkulu wolemekezeka akagula mfuti ya kuseri, mudzi wonse umaphunzira kuti njira ndi imeneyo. Choipa koposa ndi munthu wa udindo amene amakhala mkhalapakati wa malonda otere, nagwiritsa ntchito dzina lake kutsimikizira bodza. Paja amati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Wotereyu amanyazitsa ofesi yake ndi onse amene amagwira nao ntchito.

Pa misonkhano ya makalabu a alimi, ya mafumu ndi ya chitetezo cha m'mudzi, phunzitsani anthu zinthu zochepa izi. Munthu ayambe wapeza chilolezo cha Apolisi asanafune mfuti. Aone ngati nambala ya pa chitsulo ikufanana ndi ya pa chiphaso cha wogulitsa, ndipo ngati pamalo a nambala paoneka pokhulidwa kapena popakidwa utoto wochindikala, atembenuke n'kumapita. Ayang'ane mitu ya zomangira ngati idakumbika ndi sikuludiraiva, thabwa ngati liri ndi mng'alu, ndi mpope ngati ukugwedera. Asapereke ndalama mfutiyo isanaonedwe ndi wodziwa ntchitoyo. Wogulitsa amene akana kukafika nanu ku polisi wakuyankhani kale funso lonse. Safunsa adadya phula.

Kwa amene adakodwa kale, njira idakalipo. Mu 2017 bungwe la African Union lidasankha mwezi wa Seputembala kukhala nthawi imene anthu a mu Africa angapereke mfuti zosaloledwa kwa akuluakulu a chitetezo popanda kuimbidwa mlandu. Wotere afunse kwa mfumu yake kapena kwa mkulu wa polisi wa m'dera lake za mmene angaperekere. Kutaya ndalama zimene adalipira n'kowawa, koma n'kopepuka poyerekeza ndi kuika maliro a mwana kapena kukhala zaka m'ndende.

Alimi a kwa Kapelula amadziwa kuti fodya wabwino amadziwika belo likatsegulidwa. Mlingo womwewo tiyesere nao aliyense wotibweretsera mfuti. Atsegule, aonetse nambala, aonetse chiphaso, ndipo tikamalizire malondawo pamaso pa Apolisi. Akakana, dzina lake likafike kwa mfumu ndi ku polisi tsiku lomwelo, asanapeze mlimi wina womudyera thukuta la chaka chonse.