Chikho pachokha sichiyeza mphamvu za chigawo pa masewero a basketball

Mbulumbuzi, Chiradzulu: Mtsutso woti ndi chigawo chiti chomwe chili ndi mphamvu pa masewero a basketball umabuka chaka ndi chaka m'mipikisano ikuluikulu ya padziko lonse, ndipo yankho lake likukhudzanso momwe masewerowa akuyendetsedwera m'dziko muno.

Mu ligi ya NBA ya ku America muli matimu 30 omwe adagawidwa m'zigawo ziwiri, cha Kum'mawa ndi cha Kumadzulo, ndipo chilichonse chili ndi matimu 15. Kwa zaka zambiri kuchokera cha m'ma 2000, chigawo cha Kumadzulo ndicho chidali ndi matimu ambiri amphamvu.

Umboni wake udaoneka mu 2008 pomwe timu ya Golden State Warriors idapambana masewero 48 mwa 82 koma idalephera kulowa m'ndime ya chipulula. Chaka chomwecho Atlanta Hawks ya Kum'mawa idalowa m'ndimeyi itapambana masewero 37 okha. Zoterezi zidachitikanso mu 2014 pomwe Phoenix Suns idatsala ndi masewero 48, Atlanta n'kudutsa ndi 38.

Komabe chikho cha 2008 chidapita ku Boston Celtics, timu ya chigawo chomwe chinkaoneka chofooka. Izi zikusonyeza kuti chikho chimangouza anthu za timu imodzi. Mphamvu za chigawo zimadziwika poona matimu apakati ndi akumunsi, komanso zotsatira za masewero omwe matimu a zigawo ziwirizo akumana. Ku NBA kuyerekeza kotere n'kotheka chifukwa timu iliyonse imakumana kawiri pachaka ndi timu iliyonse ya chigawo chinacho.

Kuno ku Africa, ligi ya Basketball Africa League (BAL) idayamba mu 2021 ku Kigali m'dziko la Rwanda, ndipo akatswiri oyamba adali Zamalek ya ku Egypt. Mu 2022 matimu adagawidwa m'zigawo za Sahara ndi Nile, ndipo mu 2024 kudawonjezedwa chigawo cha Kalahari.

US Monastir ya ku Tunisia idatenga chikho mu 2022 kuchokera m'chigawo cha Sahara. Al Ahly ya ku Egypt idachitenga mu 2023 kuchokera ku Nile, Petro de Luanda ya ku Angola mu 2024 kuchokera ku Kalahari, pomwe Al Ahli Tripoli ya ku Libya idachitenga mu 2025 kuchokeranso ku Nile.

Pongowerenga zikho, Nile ndiyo ikuoneka patsogolo m'zaka zinayi zimenezi. Vuto n'lakuti matimu a BAL sakhazikika m'chigawo chimodzi. Petro de Luanda idasewera ku Nile mu 2022, ku Kalahari mu 2024 ndi ku Sahara mu 2025, ndipo m'zaka zonse zitatuzi idafika m'ndime yotsiriza. Choncho mphamvu zidatsata timuyo kulikonse komwe idaikidwa.

Chitsanzo chooneka bwino cha chigawo champhamvu ndi Kalahari ya 2024. M'chigawochi mudatsala matimu atatu Dynamo ya ku Burundi itachoka mu mpikisano. Onse atatu adalowa m'ndime ya chipulula, ndipo Cape Town Tigers, yomwe idathera pa nambala yachitatu, idafika mpaka m'ndime ya matimu anayi komwe idagonja kwa Petro.

M'dziko muno bungwe la Basketball Association of Malawi (Basmal) limayendetsa masewerowa kudzera m'maligi atatu: Sozobal kummwera, Cezobal pakati ndi Nozobal kumpoto. Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe, yomwe idakhazikitsidwa ndi a Griffin Kalua, yakhala ikutenga ukatswiri wa dziko lino kangapo, ndipo mu 2024 idafika m'ndime ya Elite 16 ya mpikisano wolowera mu BAL ku Nairobi.

Kuchita bwino kwa Bravehearts kwapangitsa ambiri kunena kuti chigawo chapakati ndicho champhamvu. Koma malingana ndi zomwe zaoneka ku NBA ndi ku BAL, timu imodzi singaimire chigawo chonse. Matimu a zigawo zitatuzi amakumana makamaka pa mpikisano wa dziko lonse, womwe kumapita otsogola okha. Matimu apakati a Sozobal ndi a Cezobal sapeza mpata wokwanira woyesana, motero palibe muyeso wodalirika.

Nkhaniyi ili ndi tanthauzo kwa achinyamata a madera monga Mbulumbuzi, malo amalonda omwe ali pa msewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba. Mwana wa dera lino amene ali ndi luso angatulukire kudzera mu Sozobal, koma matimu ndi mabwalo odziwika a masewerowa ali m'mizinda ndi m'sukulu zaukachenjede. Chigawo chomwe chimatola osewera m'tauni mokha chikhoza kukhala ndi timu imodzi kapena awiri abwino, koma sichingakhale ndi mizu yozama.

Apa ndi pomwe pali udindo wa makhonsolo, alangizi a zamasewero m'maboma ndi akuluakulu a maphunziro. Boma lidamanga bwalo la Griffin Saenda ku Lilongwe pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 a mu 2022, koma bwalo limodzi la mu likulu silingasule osewera a ku Chiradzulu. Bwalo la simenti ndi mphete ziwiri pa sukulu ya sekondale yoyendera ndicho chiyambi chomwe khonsolo ingathe kuchiika mu ndondomeko yake ya chitukuko.

Kumbali ya Basmal ndi othandiza masewerowa, kukonza masewero ambiri a pakati pa zigawo, okhudzanso matimu apakati, ndiyo njira yomwe ingapereke chithunzi chenicheni. Zotsatira zake zingathandizenso pogawa malo a mu mpikisano wa dziko lonse ndi posankha madera oyamba kulandira mabwalo ndi aphunzitsi.