Akabaza athu nawo aoneke pa kanema

Madzulo aliwonse paboma la Nkhotakota, pa Dwangwa kapena pa Benga, tinyumba toonetsera vidiyo timadzaza. Ana ndi akulu omwe amalipira kangachepe kuti aone amuna a ku China akuswana zibakera, kapena a ku Nigeria akulimbirana chuma chamasiye, mawu ake atawamasulira m'Chichewa anyamata athu aluso aja. Panja pamakhala patatsamira njinga za kabaza, eni ake ali m'kati kupumula atapalasa tsiku lonse.

Funso lathu ndi lakuti: kodi ndi liti pomwe anyamata amenewa adzalowe m'kanyumba ka vidiyo n'kudziona okha pa kanema?

Tikufunsa chonchi chifukwa kumaiko a anzathu, kupalasa njinga ndi kukwera mapiri ndi nkhani zomwe anthu amajambula mafilimu n'kudyerapo. M'tauni ya Banff, m'mapiri a dziko la Canada, mumachitika chionetsero cha mafilimu a zam'mapiri chaka ndi chaka kuyambira mu 1976. Kumeneko saonetsa zankhondo kapena zachikondi ayi. Amaonetsa anthu akukwawa pamathanthwe, akutsetsereka m'zigwa panjinga, ena akudutsa zipululu ndi katundu pakaliyala. Chionetserocho chikatha, mafilimu osankhidwa amazungulira m'maiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, ndipo anthu amagula matikiti kuti akaonere.

Mafilimu oterewa si masewera. Mu June 2017, Alex Honnold wa ku America adakwera thanthwe la El Capitan, lotalika pafupifupi mamita 900, popanda chingwe, m'maola osakwana anayi. Filimu yosonyeza zimenezi, yotchedwa Free Solo, idalandira mphotho ya Oscar mu 2019.

Sitikuti ana athu atengere zoika moyo pachiswe zoterozo. Tikuti zomwe anzathuwo amachita pofuna kusangalala ndi kutchuka, kuno kwathu anthu amachita tsiku ndi tsiku pofuna ufa wa nsima, koma palibe amawacheukira.

Taonani mnyamata amene amadzuka nkhuku zisanalire, n'kumangirira dengu la usipa panjinga kudooko la Chia, n'kuyamba kukwera zitunda zopita kumtunda kwa Ntchisi. Njinga yake ilibe magiya. Pokwera amatsika n'kumakankha, thukuta lili kamukamu. Potsetsereka mabuleki akakana amagwira tayala ndi nkhwaila. Taonani wina amene amanyamula matumba awiri a mpunga kuchokera kudambo la Bua, kapena amene amathamangira kuchipatala pakati pa usiku ndi mayi wodwala pakaliyala, mumsewu wa M5 momwe amapanikizana ndi malole. Kodi pamenepa palibe filimu?

Kumapiri nakonso n'chimodzimodzi. Phiri la Mulanje lili ndi nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, komanso thanthwe la Chambe lomwe mbali yake yakuzambwe ndi yotalika pafupifupi mamita 1,700, kuposa El Capitan uja. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Alendo akabwera kudzakwera, amene amawatsogolera ndi kuwanyamulira zikwama ndi anyamata a ku Likhubula ndi midzi ina ya m'tsinde mwa phirilo. Anyamata omwewa ndiwo adabweretsa dzina la mpikisano wa Porters Race, momwe anthu amathamanga makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phirilo.

Koma alendo akajambula ulendo wawo n'kuuika pa YouTube, kawirikawiri mnyamata wathu amangooneka msana, chikwama cha mlendo chili pamutu. Dzina lake silitchulidwa. Yemwe akudziwa njira, yemwe amaona mitambo n'kunena kuti lero tisapitirire, amasanduka mthunzi m'filimu ya phiri lakwawo.

Sitikudzudzula alendo. Munthu amajambula za iye mwini ndipo amaonetsa abale ake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa amene tamva m'mimba ndife.

Anzathu a ku Nepal adadutsa m'njira yomweyi. Kwa zaka zambiri anthu a mtundu wa Sherpa ankanyamula katundu wa alendo paphiri la Everest, ulemu n'kumapita kwa alendowo. Mu April 2014, chigumukire cha madzi oundana chidapha anthu 16 a ku Nepal ogwira ntchito paphiripo. Filimu yotchedwa Sherpa, yomwe idatuluka mu 2015, idaonetsa dziko lonse nkhope za anthuwa, mabanja awo ndi madandaulo awo pa malipiro. Anthu ambiri amene ankangodziwa maina a alendo adayamba kufunsa za onyamula katundu.

Chitsanzo chapafupi ndi Rwanda. Ena mwa akatswiri opalasa njinga a m'dzikomo adayamba ngati akabaza, kunyamula anthu ndi katundu m'zitunda. Filimu ya Rising from Ashes ya mu 2012 idalongosola za timu yawo ndi za Adrien Niyonshuti, yemwe adakapikisana nawo pa masewero a Olympics ku London chaka chomwecho. Mu September 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga zothamanga pamsewu, koyamba mu Africa. Filimu yokha siyidachite zonsezi, koma idathandiza kuti dziko lidziwe zoti ku Rwanda kuli opalasa njinga.

Wina anena kuti kuno kulibe luso kapena ndalama zojambulira. Luso lilipo. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, ndipo Joyce Mhango Chavula adapata mphotho ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, idaonetsa kuti dziko likhoza kukhala pansi n'kuonera nkhani yolankhulidwa m'Chichewa. Tisaiwale kuti makina amphepo a Kamkwamba adapangidwa ndi njinga yakutha ya bambo ake. Kunena za zipangizo, lero lamya zam'manja zambiri zimajambula zithunzi zooneka bwino, ndipo achinyamata amazigwiritsa kale ntchito pa maukwati ndi pa zinkhoswe.

Choncho tikupempha bungwe la ojambula mafilimu la Film Association of Malawi, unduna woona zokopa alendo ndi khonsolo ya Nkhotakota kuti aganizire zoyambitsa mpikisano wa timafilimu tifupitifupi ta njinga, mapiri ndi nyanja. Eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja angathe kuikapo mphotho, pakuti phindu lake lidzawapeza. Malo ojambula alipo ochuluka: phiri la Chipata m'nkhalango ya Nkhotakota, momwe bungwe la African Parks lidasamutsiramo njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, mtsinje wa Bua ndi mpasa zake, nkhalango ya Ntchisi, ndi msewu wa M18 wopita ku Kasungu.

Koma pakhale mfundo zitatu. Choyamba, wojambulidwa avomere yekha, dzina lake lilembedwe, ndipo filimu ikapanga ndalama naye alandirepo. Chachiwiri, filimu inene zoona. Ionetse mphamvu za wakabaza, ionetsenso mawondo ake otupa, ngongole ya njinga yobwereka, ngozi za pamsewu ndi mpikisano wa njinga zamoto zomwe zamulanda makasitomala. Oyendetsa galimoto akaona zimenezi mwina adzayamba kumupatsa mpata pamsewu. Chachitatu, filimuyo iyambe yaonetsedwa kuno kwathu, m'tinyumba ta vidiyo ndi m'masukulu, isanapite ku Lilongwe kapena kunja.

Nanunso makolo muli ndi mbali yanu. Mwana akatenga lamya n'kumajambula amalume ake akukonza sipoko, musamuthamangitse kuti akutaya nthawi. Muuzeni afunse mafunso: adayamba liti ntchitoyi, ulendo wautali womwe adayendapo ndi uti, tsiku lomwe adaopa kwambiri ndi liti. Mayankho ake ndi mbiri ya banja lanu.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mapiri tili nawo, njinga tili nazo, amuna ndi amayi olimba mtima tili nawo. Tisadikire kuti mlendo adzatijambulire msana.