Pempho kwa anthu a pa Namitete: tisadikire bikoni ifike pakhomo

Abale ndi alongo, mafumu athu, ndi inu nonse amene muli ndi nyumba pa Namitete pano,

Sabata yatha agogo ena amasiye kuseri kwa msika anadzuka m'mamawa kuti asese pabwalo, n'kupeza bikoni ya simenti, yosauma n'komwe, ili pakati pa khitchini ndi mtengo wa mango umene anabzala malemu amuna awo. Dzuwa lili paliwombo kunabwera anyamata awiri ndi tepi yoyezera, amvekere malo ano anagulidwa, muyambe kuganiza kopita. Wogulitsa wake ndi mdzukulu wa mwini ndunda (malo a banja olembetsedwa ku boma), wokhala m'tauni, amene mwina sadziwa ngakhale komwe khomo la agogowo linayang'ana. Pano kukumveka kuti madobadoba akuloza mzere wonse wa nyumba zoyang'ana msewu wa ku Mchinji.

Titadandaula, ena anatiyankha kuti: "Inu ndinu obwera, malo ali ndi eni ake." Mawu amenewa atipweteka, ndipo sitiwameza. Wobwera ndani? Munthu amene anabwera kudzagwira ntchito pa chipatala cha St Gabriel's, chimene chinatsegulidwa mu 1959, n'kupempha malo kwa amfumu masana dzuwa likuswa mtengo, mboni zilipo? Amene ana ake anabadwira m'chipatala chomwecho, ndipo makolo ake agona kumanda a pano? Pa maliro mumatiitana kudzakumba manda. Pa chitukuko timaumba nawo njerwa za sukulu, ndipo palibe amatifunsa kwathu. Ubwera wathu ukukumbukika lero chifukwa puloti ya m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji (M12) yakwera mtengo. Manyazi bwanji!

Ndunda sitikuikana. Tikudziwa kuti kutsatira malamulo a 1967, ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, inayeza malo kuno kumadzulo kwa Lilongwe n'kuwalemba m'dzina la munthu mmodzi woimira banja. Koma munthuyo anali msungi wa malo a mbumba yonse, sanali mwini sitolo yogulitsa nthaka. Ambiri mwa olembedwawo anatisiya kale, ndipo amene wangotola pepala m'sutikesi ya agogo ake sasanduka mwini wa makomo a anthu. Inu amene mumasainira kugulitsa kotere usiku, mutalandira ya fanta, mudzayang'anana nawo bwanji anthuwa pa maliro?

Nafenso tagona. Lamulo la malo a m'midzi la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola munthu, mwamuna kapena mkazi, kulembetsa malo ake n'kulandira chikalata. Limati pakhale komiti ya za malo: agulupu pampando, ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu akhale amayi. Milandu ya malo ili ndi bwalo lake kwa a T/A. Zaka zonsezi tangoti amfumu akutidziwa. Nanga amfumu otidziwawo akadzapita?

Tikupempha a Gogo Chalo Kalolo, khonsolo ya boma la Lilongwe ndi Unduna wa za Malo kuti aimitse kugulitsa malo okhalapo anthu pa Namitete mpaka ziunikidwe kuti ndunda ikuthera pati, ndipo amene akhala pano zaka zambiri apatsidwe zikalata m'maina awo, amasiye poyamba.

Inu anzathu, musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunawerengeredwe. Funani mboni zakale zikadali moyo, zinene amene anakupatsani malo ndi chaka chake, wina alembe. Mukapeza bikoni pakhomo musaizule. Ijambuleni pa foni, muitane anansi aione, ndipo tsiku lomwelo mukanene kwa a nyakwawa.

Ife, nzika zokhudzidwa za pa Namitete