MAKINA NDI MAGETSI: Ampulifaya ya m'Galimoto Ikayamba Kuzima Yokha

Kalata imene tiyankha sabata ino yacokera kwa bambo wina wa m'boma la Chipata, amene atagulitsa soya ndi nshawa zao anagula galimoto ya mtundu wa Corolla yonyamulira anthu pakati pa Chipata ndi Mwami. Iwo alemba kuti anaikitsa ampulifaya m'buti pamodzi ndi masipika awiri, ndipo pambuyo pake anaonjezerapo ena awiri. Tsopano nyimbo ikafika pamene ng'oma zilira kwambiri, ampulifayayo izima, kanyali kofiira n'kuyaka. Fyuzi yapsa kawiri. Mnzao wawalangiza kuti pamalo pa fyuzi amangepo kawaya, pamene wogulitsa akuti ampulifayayo yatha nchito, agule ina. Afunsa kuti amvere yani.

Bambo, musamvere aliyense wa awiriwa kufikira mutayesa zimene tifotokoza pano. Wogulitsayo angangokutayitsani ndalama, koma mnzanuyo angakutayitseni galimoto yonse, kapena moyo wa anthu amene munyamula. Waya wonenepa amene acokera ku batire apyola pa citsulo colekanitsa injini ndi mokhala anthu, nayenda pansi pa kapeti mpaka m'buti. Pa miseu yathu ya dothi galimoto igwedezeka tsiku lonse, ndipo citsulo cakuthwa cidya khungu la wayayo pang'onopang'ono. Tsiku limene mkuwa wa m'kati udzakhudza thupi la galimoto, batire lidzatulutsa mphamvu ya ma amps mazana angapo nthawi imodzi, wayayo adzafiira ngati khala, ndipo kapeti idzagwira moto. Fyuzi inaikidwa kuti ipse iyo m'malo mwa zonsezi. N'cifukwa cake iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45 kucokera pa mutu wake, ndipo ikapsa ilowedwe m'malo ndi inzake ya nambala yomweyo. Msomali, kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya si fyuzi ai.

Ampulifaya ilandira magetsi kupyolera m'mawaya atatu, ndipo zobvuta zambiri zipezeka pa atatu amenewa, osati m'kati mwa bokosi lake. Woyamba ndi uja wonenepa wocokera ku batire, amene amangidwa pamene palembedwa +12V kapena B+. Waciwiri ndi wa ethi, womangidwa pa GND, amene abweza magetsi kudzera m'citsulo ca galimoto. Wacitatu ndi kawaya kang'ono kocokera ku wailesi, komangidwa pa REM, kamene nchito yake ndi kudzutsa ampulifaya wailesi ikayatsidwa.

Cida cofunika ndi multimeter. Si ya mtengo wapatali, ndipo amene alibe angabwereke kwa makanika wa zamagetsi kapena kwa anyamata amene aika sola m'midzi. Ikani pa 20 volts DC, ndipo muyambe ndi batire lenileni, galimoto itagona usiku wonse. Batire lodzala lionetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.2 latsala ndi theka la mphamvu yake, ndipo likatsika pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu. Lizani injini muyesenso. Nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, kusonyeza kuti alternator iri kuchaja. Ikapanda kukwera, mlandu si wa ampulifaya, ndipo usiku wina mudzagona pa mseu.

Mukatero pitani m'buti muyese pa ampulifaya penipeni, pakati pa +12V ndi GND, injini iri kulira ndipo nyimbo itakwezedwa kufika pamene bvuto liyambira. Apa ndi pamene anthu ambiri alakwa, pakuti ayesa wailesi iri cete, naona 12 volts, nakhutira kuti zonse ziri bwino. Waya wotsala ndi tiulusi titatu cabe angaonetse 12 volts pamene palibe cokoka mphamvu, monga mmene paipi yotsekeka idonthezera madzi koma yosatha kudzaza ndowa. Ngati pa batire pali 14 koma pa ampulifaya nambala igwa kufika 11 kapena 10 ng'oma ikalira, mphamvu iri kutayika m'njira. Maampulifaya ambiri azizimitsa okha magetsi akatsika cotero.

Potayikira pake kawirikawiri ndi pa ethi. Taonapo magalimoto ambiri amene waya wa ethi anangopanidwa pa kabauti ka mpando, pamwamba pa penti, ndipo ena anakolowekedwa pa kacitsulo kopyapyala ka m'buti. Penti ndi dzimbiri sizilola magetsi kupita. Sankhani citsulo colimba ca thupi la galimoto pafupi ndi ampulifaya, mupale ndi sandipepa kufikira cinyezimire, mumange ndi bauti molimba, kenaka mupake girisi pamwamba kuti dzimbiri lisabwerere m'nyengo ya mvula. Wayayo akhale wamfupi ndiponso wonenepa mofanana ndi wocokera ku batire, cifukwa mphamvu yonse imene yalowa ibwerera momwemo. Onaninso mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umene umera pamenepo ucotsedwa ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira. Pomasula batire yambani ndi mutu wa minus, ndipo pomanga mumalizire nawo. Kabokosi kosungira fyuzi nakonso kakhudzeni nyimbo italira kwa kanthawi. Kakatentha, ndiye kuti m'kati mwake mwakhwefuka.

Pali cina cimene citimvetsa manyazi ife a dziko la mkuwa. Mawaya ambiri ochipa amene agulitsidwa m'mapaketi a zoikira ampulifaya ndi a aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba, ndipo ena pa paketi palembedwa CCA. Aluminiyamu apititsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa magawo 10 a mmene mkuwa upititsira. Palani kaulusi kamodzi ndi mpeni: kakayera m'kati, si mkuwa. Ena khungu lao ndi lonenepa koma waya wa m'kati ngwoonda. Pogula yang'anani kumapeto kumene anadula.

Tsono tibwere ku masipika anu anai, Bambo, amene tiwaganizira kwambiri, popeza mwanena nokha kuti bvuto linayamba mutaonjezera awiriwo. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a 4 ohms. Awiri akamangidwa pa malo amodzi, plus ku plus ndi minus ku minus, asanduka 2 ohms, ndipo anai asanduka 1 ohm. Nambala imeneyi ikamatsika, ampulifaya ikoka magetsi ambiri, itentha, ndipo idzichinjiriza mwa kuzima kapena kupsereza fyuzi. Maampulifaya ambiri apirira 2 ohms pa mbali iriyonse, koma mbali ziwiri zikaphatikizidwa kukhala imodzi, kumene amisiri acha bridge, safuna zocepera 4 ohms. Kuyesa kwake nkosabvuta. Zimitsani zonse, masulani mawaya onse a masipika ndi aja a RCA ocokera ku wailesi, musiye atatu a magetsi okha, ndipo muyatse. Kanyali kofiira kakazima, bwezerani sipika imodziimodzi, muzimitsa nthawi iriyonse musanamange, kufikira mupeze imene iyambitsa. Mwina mudzapeza kuti ndi kaulusi kamodzi ka waya kamene kakhudza citsulo kapena kanzake. Koma kanyaliko kakayakabe popanda sipika iriyonse, magetsi ali okwanira, pamenepo cinthu capsa m'kati, ndipo ndi nchito ya mmisiri wa mawailesi. Kawirikawiri apeza kuti ndi matransistor, amene asinthika pa mtengo wocepa kuposa ampulifaya yatsopano.

Fyuzi nayonso inena kumene kuli bvuto ngati muona nthawi imene ipsa. Ya ku batire ikapsa waya atamasulidwa ku ampulifaya ndi kukulungidwa bwino kumapeto, wayayo wakhudza citsulo penapake m'njira. Ikapsa pomwe mwangomanga ampulifaya, yang'anani ngati simunasinthanitse plus ndi minus. Ngati sizitero, capsa ca m'kati. Ikapsa pokhapokha nyimbo zitakwezedwa, ganizirani masipika ocuruka.

Ampulifaya imene siyaka n'komwe, yopanda kanyali kalikonse, yesani pa REM wailesi iri yoyaka. Payenera kukhala pafupifupi 12 volts. Waya woyenera kuseri kwa wailesi ndi wabuluu wa mzere woyera. Wabuluu yekhayekha pa mawailesi ambiri ndi wa mlongoti, ndipo pa ena akhala ndi magetsi pokhapokha mumvera nyumba ya mphepo. Ndico cifukwa cake ena adabwa kuti nkhani za pa wailesi zimveka bwino, koma akaika fulashi ya nyimbo masipika akhala duu.

Musanyengedwe ndi manambala a pa katoni. Ampulifaya yolembedwa 3000 watts koma yokhala ndi fyuzi imodzi ya 20 amps singalandire zoposa 20 kuculukitsa ndi 14, ndiwo 280 watts, ndipo gawo lina la mphamvu imeneyi lithera m'kutentha. Kutenthako kufuna mpweya. Ampulifaya yokwiriridwa ndi matumba a ufa m'buti mwezi wa Okutobala, makamaka ku cigwa ca Luangwa, idzazima ngakhale mawaya onse ali bwino, ndipo idzayakanso ikazizira.

Tidziwa kuti ambiri a inu mulibe galimoto, koma muli ndi ampulifaya yomweyi pa golosale, ku chalichi kapena yobwereketsa pa maukwati, yolumikizidwa ku batire ndi sola. Zonse tanenazi zikukhudzani, ndipo fyuzi ya pafupi ndi batire ifunika koposa m'nyumba ya udzu. Popeza mulibe wailesi ya galimoto yodzutsa ampulifaya, REM ilumikizidwa ku plus, koma ikanipo swichi, cifukwa ampulifaya yosiyidwa maso idya batire usiku wonse ngakhale siiri kuimba. Musamange ampulifaya ku panelo mwacindunji. Panelo yochedwa ya 12 volts itulutsa zoposa 20 volts dzuwa likawala popanda coikoka, motero iyenera kupyola pa controller ndi batire. Batire locotsedwa m'galimoto silinapangidwire kutsitsidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku. Lekani kuimba likafika pa 12 volts, ndipo polichaja likhale pamalo opita mphepo, kutali ndi koloboi ndi fodya, pakuti mpweya umene litulutsa uphulika.

Eni malole ndi mabasi a mtundu wa Rosa akumbukire kuti magalimoto ao ayendera 24 volts, mabatire awiri omangidwa motsatana, ndipo ampulifaya ya 12 volts ikamangidwa pamenepo ipsa nthawi yomweyo. Ena atenga magetsi pa batire limodzi la awiriwo. Iimbadi, koma batire limenelo likhala losakhuta pamene linzake lichajidwa mopitirira, ndipo posakhalitsa agula awiri atsopano. Cofunika ndi converter yotsitsa 24 kufika 12, ya ma amps osacepera nambala ya pa fyuzi ya ampulifayayo.

Bambo a ku Chipata, mutilembere zimene mudzapeza mukamasula masipika awiri oonjezerawo. Sabata ya mawa tidzayankha amai amene afunsa cifukwa cake batire lao la sola likutha isanakwane 21 koloko.