Galimoto si ng'ombe ya m'khola



Ndiloleni ndilankhule ndi alimi anzanga a kuno ku Kasungu, ndiponso abusa, ansembe ndi akuluampingo, pa nkhani ya magalimoto akale amene akutidyera ndalama.

Aliyense amene wayenda m'misewu ya ku Santhe, Chamama, Chulu kapena Nkhamenya waona zimene ndikunenazi. Kuseri kwa chigafa, kapena pambali pa nyumba ya abusa, pali galimoto yokhala pa njerwa. Matayala anaphwa kalekale, nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala, udzu wamera mpaka m'injini. Mukafunsa mwini wake yankho ndi limodzi: "Tiikonza tikagulitsa fodya." Fodya wagulitsidwa kasanu, galimoto ili pomwepo.

Magalimoto amenewa ali ndi mbiri yake. Kale fodya wa bale unali wa eni maesiteti okha. Kuyambira mu 1990 boma linayamba kulola alimi ang'onoang'ono kulima fodyayu, ndipo patapita zaka zochepa anthu a m'midzi, kudzera m'makalabu, anayamba kukagulitsa ku okushoni ya ku Kanengo. Chaka chikakoma munthu ankabwera ndi Peugeot 404, Datsun, Nissan 1400 kapena Toyota Hilux yogwirapo kale ntchito. Mipingo nayo inalandira ma Land Rover kuchokera kwa amishoni ndi abwenzi a kunja. Magalimotowa anatinyamulira odwala, maliro, akwati ndi feteleza. Sindikuwanyoza ayi.

Chimene chikutipweteka n'chakuti timaiona galimoto ngati ng'ombe. Ng'ombe mukaisunga imanenepa, imaswa, ndipo ikakalamba mumadya nyama. Galimoto siswa. Ikamayenda ikutha, ikangokhala ikuthanso: batire imafa, mapaipi a mabuleki amauma n'kusweka, makoswe amadula mawaya, dzimbiri limadya pansi. Tsiku lililonse mtengo wake ukutsika.

Pamene mtengo wa galimotoyo ukutsika, mtengo woikonzera ukukwera. Masipeyala ndi mafuta timagula kunja. Chiyambire mu Febuluwale 1994, pamene boma linasiya Kwacha kuti idziyendera yokha pamsika, ndalama yathu yakhala ikuchepa mphamvu. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Mwezi womwewo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo kuchokera pamenepo wakweranso. Tsono sipeyala imene munaikana chaka chatha kuti yadula, chaka chino simungaiyandikire n'komwe. Kudikira sikupulumutsa ndalama.

Njira zilipo zitatu basi: kukonza, kugulitsa, kapena kuphwasula. Kuisiya pa njerwa si njira yachinayi, ndi kuphwasula komweko, koma kopanda phindu.

Zaka zonse zimene ndinali mphunzitsi wamkulu ndinkauza ana kuti samu sayankhira pamtima, amalemba. Ndiye tengani kope la mwana ndi pensulo. Tsamba lakumanzere lembani zonse zimene galimotoyo yadya m'miyezi 12 yapitayi: mafuta, oilo, matayala, batire, amakaniko, inshulansi, COF, ngakhale ndalama ya anyamata okankha. Tsamba lakumanja lembani maulendo enieni amene yayenda, ndipo pa ulendo uliwonse ikani mtengo umene mukanalipira mukanachita hayala, kukwera matola kapena njinga yamoto. Mukatero sinthani ndalamazo kuti zikhale matumba a feteleza, pakuti chinenero chimene mlimi amamva bwino ndi chimenecho. Tiyerekeze kuti kumanzere kwatuluka matumba 12, kumanja matumba 5. Ndiye kuti matumba 7 amene akanapita kumunda, kapena fizi ya mwana wa ku sekondale, alowa m'injini.

Kukonza kuli bwino pamene zinthu zitatu zagwirizana. Choyamba, chitsulo cha pansi chonyamula galimoto yonse chikhale cholimba, chosadyedwa ndi dzimbiri ndiponso chosawotcherera. Injini imasinthika, koma msana ukathyoka palibe mankhwala. Chachiwiri, masipeyala akhale opezeka. Nissan 1400 anasiya kuipanga ku South Africa mu 2008, ndipo zipangizo zake n'zosavuta kupeza poyerekeza ndi za Peugeot 404, imene ngakhale ku Kenya anasiya kuipanga mu 1991. Chachitatu, galimotoyo ikhale ndi ntchito yoibwezera ndalama, osati yongopitira ku ukwati. Ndipo musanatulutse ndalama funsani amakaniko awiri osadziwana, aliyense alembe papepala zonse zofunika kusintha ndi mtengo wake. Safunsa anadya phula. Ndalama yokonzera ikayandikira mtengo umene galimotoyo ingagulidwe itakonzedwa, bwezani ndalama m'thumba.

Mukasankha kukonza, yambani ndi mabuleki, matayala, chiwongolero ndi magetsi. Penti ndi wailesi zidikire. Ndikunena izi makamaka kwa amene amanyamula anthu. Pikapu yodzaza amayi a mvano kapena a kwaya, yotsetsereka pa msewu wa M1 ndi mabuleki opopa katatu, si chuma ayi, ndi maliro amene sanalengezedwe.

Kugulitsa kumafuna nthawi yake. Gulitsani galimoto ikadali kulira ndi kuyenda yokha, pakuti wogula akaipeza pa njerwa amatchula mtengo wa zitsulo. Gulitsaninso pamene msika wa fodya uli wotsegula ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, anthu ali ndi ndalama m'matumba. Mukadikira Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe itatha, mudzaipereka pa mtengo wa matumba ochepa a chimanga. Muuzeni wogula matenda onse a galimotoyo. Ndi mnansi wanu, mudzakumana pa maliro. Pomaliza pitani naye ku ofesi ya Road Traffic mukasinthe dzina pa mapepala. Galimoto ikatsala m'dzina lanu n'kukachita ngozi kapena kugwidwa itanyamula katundu wakuba, apolisi adzayambira pakhomo panu.

Kuphwasula nakonso si manyazi. Musafulumire kuitana ogula zitsulo zakutha kuti ayeze galimoto yonse pa sikelo. Yambani mwagulitsa padera zimene zikadali zamoyo: giyabokosi, sitata, redieta, magalasi, zitseko. Ekiselo ya kumbuyo ndi mawilo ake ndiyo imapanga ngolo yolimba, ndipo ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri sifunsa mtengo wa dizilo. Masipuling'i osula amapangira nkhwangwa ndi zikwanje. Machubu amakhala malegeni. Pa sukulu zambiri zimene ndinaphunzitsapo belu lathu linali chitsulo cha wilo la galimoto chopachika pa mtengo, ndipo linkamveka midzi itatu. Zotsala ndiye mupereke kwa a sikelo. Koma batire ndi oilo wakuda musataye pafupi ndi chitsime kapena dimba, ndipo matayala akutha asasunge madzi a mvula, ndi nyumba ya udzudzu.

Ndikudziwa zimene ena anene. "Galimoto imeneyi ndiyo ambulansi ya mudzi uno. Mayi akadwala usiku tidzatani?" Funso ili ndi loona ndipo ndimalilemekeza. Koma taganizani bwino. Galimoto yofuna anyamata anayi okankha, yopanda mafuta mu thanki, singafikitse mayi woyembekezera ku chipatala cha boma pa Kasungu kapena ku St Andrew's ku Mtunthama pakati pa usiku. Ndi bwino kuigulitsa, gawo la ndalamazo n'kulisunga padera ngati thumba la odwala, ndi kupangana pasadakhale ndi munthu amene galimoto yake ili bwino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ena amati, "Anasiya ndi malemu bambo, sitingaigulitse." Kodi malemuwo angakondwe kuona thukuta lawo likuikirira nkhuku pamene mdzukulu wawo wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi? Enanso, tinene chilungamo, akuopa kuti anthu adzati a uje asauka, akuyenda pa njinga. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kwa inu abusa, abambo ansembe ndi makomiti a mipingo, nkhaniyi ndi yolemera koposa chifukwa ndalama yake ndi chopereka cha akhristu. Gogo amene wagulitsa nkhuku yake imodzi kuti apereke pa pepa sande ayenera kudziwa kumene ndalamayo yapita. Mpingo ukamasonkhetsa chaka ndi chaka za "kudzutsa galimoto" koma galimoto osadzuka, anthu amayamba kunong'ona, ndipo manong'onong'o amagwetsa mpingo msanga kuposa dzimbiri. Werengani masamu a galimotoyo poyera pamaso pa mpingo wonse. Mukagwirizana zogulitsa, pemphani chilolezo ku sinodi kapena ku dayosizi, lengezani kuti aliyense wofuna apikisane, ndipo wa m'komiti asadzigulitse yekha mobisa. Ngati inalowa m'dziko muno mosalipira msonkho, kafunseni ku MRA musanaipereke kwa munthu. Mwinanso mudzapeza kuti njinga yamoto yatsopano ifikitsa abusa ku mipingo ya kutali nthawi ya dzinja, kumene galimoto yakale ikanatitimira m'dambo.

Pempho langa ndi ili: msika wa fodya usanatsekedwe, banja lililonse ndi mpingo uliwonse umene uli ndi galimoto yotere ukhale pansi, ulembe masamu, ndipo usankhe chimodzi mwa zitatuzi. Mukati mukonza, ikani tsiku. Tsikulo likadutsa isanadzuke, gulitsani kapena phwasulani mvula isanagwe.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
T/A Wimbe,
Kasungu.