Gudumu la M'mbuyo Likabwerera pa Njinga

Aliyense woyenda mu msewu wa M1 pakati pa boma la Ntcheu ndi Lizulu amadziwa kuti pa Biriwiri sipatha phokoso la njinga zamoto. Zina zimatsika kuchokera ku Tsangano zitasenza matumba a kachewere ndi kabichi, zina zimaoloka malire kupita ku Angonia m'dziko la Mozambique, zina zikuthamangira ndi wodwala ku chipatala cha boma ku Ntcheu. Mabanja ambiri a mu mpingo wathu amadya za kabaza, ndipo ife amene tilibe njinga timakwerabe za anzathu popita kumsika, kusikelo kapena kumaliro.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse. Tikamva zimenezi timaganizira za liwiro, mowa ndi kusavala chipewa, ndipo timalondola ndithu. Koma mwezi uno tikambirane za ngozi ina imene imayambira pansi pa mtengo, pamene akumata chubu.

Njinga zambiri za kabaza zili ndi chubu, choncho minga kapena msomali ukalasa tayala la m'mbuyo, nthawi zambiri gudumu lonse limachotsedwa. Kumata chubu sikuvuta. Povuta ndi pobwezera gudumu, chifukwa pamalo amodzi omwewo pamakumana tcheni, mabuleki ndi ekiselo. Wokwera ali pambali akuyang'ana dzuwa, mnyamata wa kabaza akuona anzake akumulanda makasitomala, ndiye ntchito imatha mothamanga. Nazi zimene mwini njinga, ngakhale mayi wa pakhomo amene anagula njinga n'kupatsa mnyamata, ayenera kuzidziwa.

Chilichonse chibwerere pamalo pake

Mbali zonse ziwiri za gudumu kumakhala timapaipi tachitsulo tatifupi timene ekiselo imadutsamo. Kawirikawiri sitifanana kutalika. Tikasinthanitsidwa, kapena kamodzi kakatsalira m'fumbi, gudumu limakhalira mbali imodzi ndipo maberingi amatha msanga. Njira yabwino ndi kuyala thumba pansi, n'kuika zochokera kumanzere kumanzere, zochokera kumanja kumanja. Kuseri kwa sipuloketi kulinso tizidutswa ta labala timene timachepetsa kugwedeza injini ikamakoka. Tikaphwanyika, njinga imachita ngati ikudzuka ndi chidima ponyamuka.

Chofunika koposa ndi chitsulo chimene chimagwira mbale ya mabuleki kuti isazungulire pamodzi ndi gudumu. Pa njinga zambiri chimamangidwa ndi nati, ndipo natiyo imatsekedwa ndi kapini kopinda. Kapini kameneka n'kotchipa kuposa botolo la madzi, koma kakasowa nati imamasuka pang'onopang'ono ndi mabampu. Tsiku lina potsetsereka woyendetsa aponda buleki, mbale izungulira, ndipo buleki ikana kugwira kapena gudumu liima mwadzidzidzi. Musalole njinga kuchoka musanakaone ndi maso anu.

Gudumu liyang'ane kutsogolo

Kumapeto kwa mikono iwiri imene imagwira gudumu kuli tizitsulo tokokera tcheni, ndipo pa mikonoyo pali timizere. Ngati kumanzere mwaima pa mzere wachitatu, kumanja muimenso pa wachitatu. Mukakoka mbali imodzi yokha, gudumu limapendama ngati munthu woyenda chammbali. Tcheni imadya mano a sipuloketi mbali imodzi, tayala limatha mosafanana, ndipo pokhota njinga imapepuka mbali ina n'kulemera mbali inayo.

Pa njinga yakale timizere timafufutika, koma ulusi wa amisiri omanga nyumba umathandiza. Imikani njinga chilili pa sitandi yapakati. Kolowekani ulusi kumbuyo kwa tayala la m'mbuyo, chakumunsi, n'kuukokera kutsogolo mbali zonse ziwiri mpaka ungokhudza m'mphepete mwa tayalalo. Wongolani chiwongolero. Popeza tayala la kutsogolo ndi locheperapo, patsala kampata pakati pa ilo ndi ulusi, ndipo kampatako kafanane uku ndi uku. Mukhozanso kugwada kumbuyo n'kuyang'ana motsatira tcheni: iyende mowongoka mpaka ku sipuloketi ya kutsogolo. Ngakhale dothi lonyowa limaulula. Njinga yowongoka bwino ikayenda molunjika imasiya mzere umodzi, yopendama imasiya iwiri.

Tcheni isathine, isalendewere

Gwirani tcheni pakati pa masipuloketi awiri, mbali ya pansi, n'kuikankhira m'mwamba ndi pansi. Pa njinga zazing'ono zimene timakwera kuno iyenera kusewera masentimita 2 kapena 3, pafupifupi zala ziwiri, pokhapokha ngati buku la njinga yanu likunena zina. Zungulizani gudumu ndipo muyese malo angapo, chifukwa tcheni yakale imathina pena n'kumasuka pena. Muyeso utengedwe pamene yathina kwambiri.

Ambiri amakonda kuikunga ngati chingwe cha gitala poganiza kuti ndiye kusamala. Iwo amaiwala kuti katundu akakwera, mashoko amatsika ndipo tcheni imakungika yokha. Imene inali yothina njinga ili yopanda kanthu, ikasenza matumba awiri a kachewere imayamba kukoka maberingi a mu injini, mwinanso kuduka kumene. Yolendewera nayo imavuka pa bampu n'kukodwa pakati pa sipuloketi ndi mkono, gudumu n'kuima njinga ili pa liwiro. Choncho mukamaliza, wina akhale pampando ndipo muyesenso.

Ngati tcheni inamasulidwa polumikizira, kachitsulo kotsekera kabwerere mbali yake yotseka itayang'ana kumene tcheni ikupita. Mano a sipuloketi akasongoka n'kupindika ngati mbedza, gulani tcheni ndi masipuloketi onse pamodzi, chifukwa chatsopano pa chakale sichichedwa kutha. Ndipo musapukute tcheni injini ikulira. Nsanza ikakodwa imapita ndi zala.

Kumaliza ntchito

Pomanga nati yaikulu ya ekiselo, pondani buleki kuti mabuleki akhale pakati penipeni. Mangani ndi sipanala yokwana bwino, osati pulayala kapena kumenya ndi hamala. Mukamanga yesaninso tcheni, chifukwa nthawi zina imasintha, kenako mangani manati a tizitsulo tokokera tija. Gudumu likasunthira kumbuyo buleki nayo imasintha, ndiye ikonzeni kuti chopondera chitsike masentimita 2 kapena 3 isanagwire, ndipo onani ngati nyali yofiira ikuyaka. Chomaliza, woyendetsa ayese njinga yekha pang'onopang'ono asanakweze munthu.

Kwa amayi tili ndi mawu apadera. Anyamata ena amachotsa chotchingira tcheni ati chimasokosa. Njinga yotere musakwere. Ngakhale chotchingira chilipo, pindani chitenje ndi siketi bwinobwino pansi panu, ndipo nsalu yoberekera mwana isalendewere. Tcheni ndi masipoko zikagwira nsalu sizisiya, zimakokera munthu pansi.

Mpanda wa padenga

Pa Deuteronomo 22:8 Mulungu analamula kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda padenga kuti munthu asagwe, magazi ake n'kukhala pa nyumbayo. Lamuloli silinali lodikira ngozi, linali loikonzekera isanachitike. Kwa m'bale wa kabaza, kampandako ndi kapini ka buleki, chotchingira tcheni ndi nati yomangidwa bwino. Amene wakhala kumbuyo kwanu sadziwa za timizere kapena masentimita, wangokupatsani moyo wake pamodzi ndi ndalama yake.

Ife a Adventist tili ndi mwayi wakuti sabata iliyonse tili ndi tsiku lokonzekera. Lachisanu, pamene amayi akusita zovala ndi kuphika za mawa, bambo kapena mnyamata atenge mphindi 10 ndi njinga dzuwa lisanalowe. Ayese tcheni, aidontheze oilo woyera, osati wakuda wochotsa mu injini, agwedeze gudumu kuona ngati likusewera, aone manati ndi kapini, aponde buleki. Chimene chapezeka chokayikitsa chipite kwa makaniko tsiku lomwelo, kapena njinga igone mpaka Lamulungu. Ana aitanidwe kudzaonerera, chifukwa mawa lino ndi iwo adzagwire chiwongolero.

Mwezi wamawa tidzakambirana za chipewa chodzitetezera, momwe tingadziwire chokwana bwino ndiponso nthawi yoyenera kuchitaya. Ambuye akusungeni pa maulendo anu onse.