Foni ikuphunzitsa achinyamata kusiya fodya: nanga mlimi aime pati?

Alimi anzathu, pali nkhani ina imene simungaimve kwa ogula pa okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, komatu ikukhudza belo lililonse limene timadinda. Nkhani yake ndi ya foni. M'mayiko ambiri kumene fodya wathu amakathera, mnyamata kapena mtsikana wosuta ndudu tsopano akuyenda ndi mlangizi m'thumba womuthandiza kusiya. Mlangiziyu si munthu ayi. Ndi pulogalamu yoikidwa m'mafoni amakono aja olowa pa intaneti, imene eni ake amati app. Ambiri mwa mapulogalamuwa ndi aulere, ndipo ena akupangidwa ndi maboma enieniwo. Ku United States nthambi ya boma yofufuza za khansa inatulutsa quitSTART, ku Britain a zaumoyo a NHS ali ndi yawo, ndipo ku Australia kuli My QuitBuddy kuyambira mu 2012.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Munthu amalemba m'fonimo tsiku limene wasankha kusiya, ndudu zimene amasuta patsiku ndi mtengo wake. Kuchokera apo foni imamuwerengera masiku amene watha osasuta komanso ndalama zimene zatsala m'thumba. Chibaba chikamugwira amadina pafoni, iyo n'kumupatsa chochita kwa mphindi zingapo: apume mokoka mpweya, amwe madzi, achite kamasewera. Amene anasutapo akudziwa kuti chibaba chimabwera ngati kamvuluvulu, chimazunguza mutu kenaka n'kudutsa. Pulogalamuyo imafunsanso kuti chibabacho chamupeza ali kuti ndiponso ali ndi yani, kaya ndi kumowa kapena atayambana ndi mnzake, kuti mawa idzamuchenjeze zisanafike. Akaterereka n'kusuta imodzi siimukalipira, imangomuuza kuti ayambirenso.

Asankha achinyamata chifukwa pafupifupi onse osuta amayamba asanakwanitse zaka 26, ndipo a msinkhu umenewu sakonda kukakhala pamzere kuchipatala kukaulula kuti fodya wawagwira. Koma foni saisiya, ngakhale pogona. Madokotala anapezanso kuti wosiya asanafike zaka 40 amapewa gawo lalikulu kwambiri la ngozi yofa ndi matenda obwera ndi utsi.

Kodi zimathandizadi? Apa tinene chilungamo, chifukwa nkhani yake ili ndi mbali ziwiri. Ku Canada akatswiri a yunivesite ya Waterloo anayesa pulogalamu yotchedwa Crush the Crave pa achinyamata pafupifupi 1,600 a zaka 19 mpaka 29. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti foni sinapose kabuku wamba ka malangizo kamene gulu lina linapatsidwa. Koma zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 ku United States zinaonetsa kuti pulogalamu ya iCanQuit itayesedwa pa anthu oposa 2,400, anthu 28 pa 100 alionse anali atasiya pakutha pa chaka, pamene mwa ogwiritsa ntchito pulogalamu ina yoyerekezera anali 21. Mu 2021 bungwe la Truth Initiative linatulutsa zotsatira za kafukufuku woyesa njira yongotumiza mauthenga a pafoni kwa achinyamata a zaka 18 mpaka 24 ofuna kusiya ndudu zamagetsi zija, ndipo 24 pa 100 anasiya poyerekeza ndi 19 mwa amene sanalandire malangizowo. Choncho foni si mankhwala odabwitsa. Ambiri amayesa n'kulephera. Komabe mlimi amadziwa masamu a mbewu: kusiyana kwa anthu asanu kapena asanu ndi awiri pa 100 kumaoneka kochepa, koma kukafesedwa m'mafoni mamiliyoni kumakolola chinthu chachikulu, ndipo mtengo wotumizira uthenga umodzi sufika ngakhale pa mtengo wa ndudu imodzi.

Tikudziwa kuti ena mwa ife akamva izi mtima umawawa. Pamisonkhano timamva mawu akuti ichi ndi chiwembu cha mayiko olemera chofuna kupha ulimi wa munthu wosauka. Madandaulowa tikuwamvetsa. Fodya waphunzitsa ana athu, wafolera nyumba zathu ndi malata, ndipo mu 2024 analowetsa m'dziko muno pafupifupi madola 400 miliyoni. Koma taganizani izi. Mu 2010, mayiko atakumana ku Uruguay kukambirana zoletsa zokometsera zimene amathira mu ndudu, alimi a mayiko ambiri anasaina zikalata zodandaula poopa kuti fodya wa bale asowa msika. Zimenezo zinatheka chifukwa lamulo lili ndi ofesi ndi nduna imene ungaidandaulire. Nanga mtsikana wa ku Toronto amene waganiza yekha kuchipinda kwake kuti lero ndi lomaliza, chikalata chathu tikachipereka kwa yani? Foni siichitiridwa chionetsero.

Ndipo ife a bungwe lino tikuti ngakhale zikanatheka, sitikanayenera kutero. Ndani mwa ife amene amati akathyola fodya, n'kumusoka, n'kumuyanika m'chigafa, amaitana mwana wake kuti bwera ndikuphunzitse kusuta? Palibe. Tikamupeza ndi ndudu kuseri kwa nkhokwe timakalipa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Kholo la ku India kapena ku Britain limene likusangalala kuti mwana wake wasiya si mdani wathu.

Chimene tiyenera kuchita n'kuwerenga nyengo monga timawerengera mitambo. WHO ikuti mu 2000 munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ankagwiritsa ntchito fodya, koma pofika mu 2022 anali mmodzi mwa asanu. Si mafoni okha achititsa izi, misonkho ndi malamulo oletsa kusutira pagulu zachita zambiri, koma foni ikugwira ndendende pamsinkhu umene kampani imadalira kuti ipeze wogula wa zaka makumi atatu zikubwerazo. Ngakhale kampani yaikulu ya Philip Morris International inalengeza yokha mu 2016 kuti tsogolo lake likhala lopanda ndudu zoyatsa. Mu 2021, potsegulira msika wa fodya, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo a Lazarus Chakwera ananena poyera kuti malonda a mbewuyi akulowa pansi. Sitikunena kuti okushoni itsekedwa chaka chamawa, ndipo sitikuuza aliyense kuti aphwasule chigafa. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chaka chimodzi cha mitengo yabwino chisatipusitse kuti titenge ngongole ngati kuti msika ukhala chomwecho mpaka kalekale.

Tsono pali mbali ina imene ikutiwawa kwambiri, ndipo ndi imene yatichititsa kulemba ndemangayi. Thandizo lonseli likudutsa pamwamba pa ana athu. Mapulogalamu tatchulawa ali m'Chingerezi. Amafuna foni yodula, bandulo ya intaneti ndi magetsi otchajira, pamene kumudzi ambiri tili ndi foni zamabatani, penanso imodzi banja lonse. Amafunsa kuti umagula mapaketi angati pasabata, chonsecho mnyamata wa ku Kasungu kapena ku Dowa amagula ndudu imodziimodzi pagolosale, apo ayi amangotsomphola tsamba m'chigafa n'kupichira chingambwe papepala la kope. Iye sangawerengeredwe ndalama zopulumutsa chifukwa fodyayo sagula. Chinanso, chikonga chimalowa m'thupi ngakhale mwa osasuta. Wothyola fodya wonyowa ndi mame amachilandira kudzera pakhungu, n'chifukwa chake ena amamva chizungulire, mutu ndi nseru akaweruka kumunda. Lipoti la bungwe la Plan International la mu 2009 linati ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno amatha kumwerera chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 patsiku. Tsono taonani: wosuta wakunja ali ndi mlangizi m'thumba, pamene mwana wa wolima, amene wakulira m'fungo la tsambalo, alibe ngakhale nambala yoimbira.

Izi si zosatheka kukonza, ndipo sizifuna foni yamakono. Dziko la India linayamba mu 2016 kutumiza mauthenga othandiza kusiya fodya kwa aliyense amene wangoflasha nambala ya boma, ndipo analembetsa anthu oposa 2 miliyoni. Kuno kwathu tili kale ndi Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chinafalikira dziko lonse m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Tikupempha undunawu kuti uikemo uphungu wosiyitsa fodya, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, wamawu komanso wa mauthenga, wolembedwa ndi anthu odziwa chingambwe ndi fodya wam'mphuno, osati wongomasulira za ku London.

Boma lisanene kuti ilibe udindo. Mu 2023 dziko lino linavomereza pangano la WHO lochepetsa kugwiritsa ntchito fodya, patatha zaka makumi awiri likuzengereza. Ndime 14 ya panganoli imalamula mayiko kuthandiza ofuna kusiya. Ndime 17 imawauza kuti athandize alimi ndi antchito kupeza njira zina zodalirika zopezera ndalama. Ndime ziwirizi n'zathu zonse, ndipo tikana kuti ina ikwaniritsidwe ina n'kuiwalika. Kutiuza kuti limani soya, mtedza, nandolo kapena mpendadzuwa n'kosavuta. Chimene chimatisunga pa fodya ndi chakuti ali ndi wogula wodziwika, ngongole ya zipangizo, mlangizi ndi msika wa masiku ake. Mbewu zinazi zipatsidwe zomwezo, chifukwa pakadali pano mlimi wa soya amasiyidwa m'manja mwa mavenda ndi masikelo awo. Mayiko ndi mabungwe amene akulipira akatswiri opanga mapulogalamu a pafoni tikuwauzanso kuti ndalama yothandiza wosuta kusiya iziyenda limodzi ndi ndalama yothandiza wolima kusintha.

Kwa inu atsogoleri a makalabu, pamsonkhano wanu wotsatira ikani nkhaniyi pamndandanda wa zokambirana. Lembani kuti ndi achinyamata angati m'mabanja a mamembala amene akusuta ndipo akufuna kusiya, popanda kutchula mayina. Lembaninso kuti ndi maekala angati amene mungapatulire mbewu ina mutakhala ndi wogula wotsimikizika, ndiponso mbewu yake iti. Ziwerengerozi mutumize ku ofesi ya bungwe ya m'boma lanu nazale zisanayambe, kuti tikapita ku Unduna wa Zaumoyo ndi wa Zamalimidwe tikanyamule mapepala ochokera kwa inu.